Tinakaona munda wa khofi ku Livingstonia, ndapereka nyenyezi 4 mwa 5

Tinali anthu asanu, mwezi wa Julayi, tinagona ku Chitimba ndipo gaidi analonjeza kutitenga 7 koloko koma anatulukira cha m'ma 8:30, foni osayankha, atafika n'kungoti pepani mabwana tayala linaphwa basi. Nyenyezi imodzi yapita pamenepo, komanso sanatiuze kuti ku mathithi a Manchewe kuli ndalama yolowera yapadera, tinachita kusonkherana pageti ngati pamaliro.

Msewu wa Gorodi uja eeh. Mabendi 20 kukwera phiri, ukasuzumira pansi nyanja ili uko kutali, mlamu wanga anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi tisanafike n'komwe pakati. Ka Vitz kanu kasiyeni kumusi chonde.

Koma kumundako ndiye ndalama yanga inabwerera. Ine ndimayembekezera esiteti yaikulu ngati za tiyi ku Thyolo, ayi ndithu, ndi munda wa amama ena achikulire, khofi wa Arabica pansi pa nthochi, anatilandira ndi monire ife n'kumangoyankha yewo paliponse. Anatipatsa aliyense kabeseni kuti tithyole, lamulo ndi limodzi, chofiira chokhachokha, chobiriwira usakhudze, ndiye mtengo umodzi omwewo amaubwerera kangapo pa nyengo imodzi. Mphindi 40 ine kabeseni sikanafike ndi theka lomwe, msana uli kuwawa, amamawo akungondiseka kuti mwana wanga manja amenewo ndi a mu ofesi. Kenako zipatsozo amazithira m'madzi, zoyandama amazipatula chifukwa ndi zopanda pake, zomira amazisenda pamakina tsiku lomwelo, n'kuzivundika kuti kuterera kuja kuchoke, kutsuka, n'kuyanika pathandala pafupifupi masabata awiri akutembenuza ndi manja. Gaidi apa anasonyeza kuti ntchito amaidziwa, anatifotokozera kuti mtengo umatenga zaka zitatu kuti uyambe kubereka, ndipo makilo 5 kapena 6 a zipatso ndi amene amatulutsa kilo imodzi yokha ya khofi wouma. Alimi ambiri kumeneko ali mu koparetivi ya Phoka yomwe ili pansi pa Mzuzu Coffee, ndiye paketi ija timaiona mushopu n'kumadandaula mtengo imayambira m'manja ngati amenewa.

Tinakazinga tokha pachiwaya, kusinja mumtondo, kusefa, n'kumwa pomwepo. Ine wokulira Ricoffy wa masupuni atatu a shuga ndinamwa wopanda shuga koyamba m'moyo wanga, kuwawa pang'ono koma kafungo kake mpaka mujuzi.

Nkhomaliro inali ya bwanji bwanji, mpunga ndi nyemba, yochepa kwa anthu oti akwera phiri. Ku Stone House, nyumba ya mmishonale Robert Laws ija yomwe inasandutsidwa myuziyamu, tinangodutsa mothamanga chifukwa cha kuchedwa kwa m'mawa kuja, zinandinyansa ndithu poti ndimafuna kuona myuziyamu bwinobwino.

Mukafuna kupita pitani nthawi yokolola, Juni mpaka Ogasiti muli bwino, kupanda apo mukangoona masamba. Tengani juzi kumtundako kumazizira, nsapato zotseka, ndi ndalama yapamanja poti netiweki imavuta. Ndipo mufunsiretu gaidi wanu kuti mtengo wa ulendowo ukuphatikiza chani musanakwere galimoto.