Milestone Tracker: pulogalamu ya pafoni yotsatira kakulidwe ka mwana, monga ndaionera ine

Kwathu mayi akanena kuti mwana akukula bwino, kawirikawiri amatanthauza kuti ku sikelo sanatsike ndipo mzere wa m'kabuku ka kuchipatala ukukwerabe. Inenso ndinakulira m'maganizo amenewo, moti nditabereka mwana wanga wachiwiri kuno ku Indiana, m'dziko la America, ndinadabwa kuona kuti dokotala wa ana akatha kumuyeza kulemera ndi msinkhu, ankakhala pansi n'kuyamba kundifunsa ngati mwanayo amacheuka ndikamuitana dzina, ngati amakweza manja kuti ndimunyamule, komanso ngati amafunafuna supuni ikagwa pansi. Mafunso ambiri ndinkawayankha mongoganizira, chifukwa sindinkadziwa kuti zimenezo n'zofunika kuziyang'anitsitsa. Namwino wa pachipatalapo ndi amene anandiuza za Milestone Tracker mwanayo ali ndi miyezi 9, ndipo popeza tsopano wapitirira zaka zitatu, ndikuona kuti ndaigwiritsa ntchito mokwanira kuti ndinenepo maganizo anga.

Pulogalamuyi inapangidwa ndi bungwe la boma la America loona za matenda la CDC, lomwe likulu lake lili ku Atlanta, ndipo ndi mbali imodzi ya ntchito yawo yolimbikitsa makolo kudziwa zizindikiro ndi kuchitapo kanthu msanga, yotchedwa "Learn the Signs. Act Early." Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo imapezeka pa mafoni a Android ndi iPhone. Munthu amalembamo dzina la mwana ndi tsiku lobadwa, ndipo ngati ali ndi ana angapo aang'ono angathe kuwalemba onse, aliyense payekha. Ikatero imatulutsa mndandanda wa zinthu zimene mwana wa msinkhu umenewo amayembekezeka kuchita, kuyambira pa miyezi 2, kenako 4, 6, 9, 12, 15, 18, 24 ndi 30, mpaka zaka 3, 4 ndi 5. Zinthuzo anazigawa m'magulu anayi: kakhalidwe ka mwana ndi anthu ena, kulankhula ndi kumva zolankhulidwa, kaganizidwe, ndiponso kayendedwe ka thupi. Pa chinthu chilichonse kholo limasankha yankho limodzi mwa atatu, lakuti inde, lakuti sanayambe, kapena lakuti sindikudziwa bwino.

Yankho lachitatulo ndimaliyamikira kwambiri, chifukwa ndi limene limanena zoona za kholo lotanganidwa. Pa miyezi 18 panali funso lakuti kodi mwana amaloza chinthu pofuna kukuonetsani chabe, osati pochifuna. Ine ndinkadziwa kuti mwana wanga amaloza kapu akafuna madzi, koma sindinkakumbukira ngati analozapo galu kapena ndege n'kundiyang'ana kumaso kuti nanenso ndione. Zinthu ziwirizi zimaoneka ngati n'zofanana koma n'zosiyana kwambiri: koyambako mwana akupempha, pamene kwachiwiriko akugawana nanu zimene zamusangalatsa, ndipo madokotala amakuyang'ana mwachidwi chifukwa kukasowa kumatha kukhala chimodzi mwa zizindikiro zoyamba za autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza mmene mwana amachezera ndi kulankhulana ndi anthu. Pafupifupi funso lililonse lili ndi chithunzi kapena kavidiyo kafupi ka mwana weniweni akuchita chinthucho, ndipo kavidiyoko ndi kamene kanandimasulira kusiyanaku kuposa mawu. Ndinakhala masiku atatu ndikumuyang'ana mwanayo ndi maso atsopano, mpaka tsiku lina analoza gologolo pawindo n'kucheukira kwa ine. Apa ndi pamene pali phindu lenileni la pulogalamuyi: imaphunzitsa kholo kuona zinthu zimene zimachitika pamaso pake tsiku ndi tsiku koma osazizindikira.

Pali mfundo ina yofunika kuimvetsa munthu asanayambe kudina mayankho, chifukwa popanda iyo mndandandawo umawerengedwa molakwika. Mu February 2022 bungwe la CDC, mogwirizana ndi bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics, linakonzanso mindandanda yonse. Kale zinthu zambiri zinkaikidwa pa msinkhu umene pafupifupi theka la ana limazichita, zomwe zinkatanthauza kuti ana ochuluka athanzi lawo ankaoneka ngati otsalira, ndipo makolo ankangouzidwa kuti adikire aone. Tsopano chinthu chimaikidwa pa msinkhu umene ana 75 kapena kuposerapo mwa ana 100 alionse amakhala atayamba kuchichita. Choncho mwana akalephera ngakhale chinthu chimodzi pa mndandanda wa msinkhu wake, si nkhani yoti kholo lidzitonthoze kuti anzake ambiri nawonso sanayambe, koma ndi nkhani yokauza dokotala. Pa kukonzanso komweko anawonjezera mindandanda ya miyezi 15 ndi 30, ndipo anachotsamo kukwawa.

Kuchotsa kukwawako kunandidabwitsa poyamba, chifukwa kwathu kukwawa ndi nkhani yaikulu imene agogo amafunsa pafoni asanafunse china chilichonse. Komabe kafukufuku wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amene anatuluka mu 2006, yemwe anatsatira ana a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America, anapeza kuti ana pafupifupi 4 mwa 100 alionse sakwawa ndi manja ndi mawondo n'komwe, koma amadzayenda bwinobwino. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti ana athanzi amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18, mpata waukulu ndithu. Milestone Tracker imayembekezera kuti mwana aponye mapazi angapo yekha pa miyezi 15 ndipo aziyenda osagwira kanthu pa miyezi 18, zomwe sizikutsutsana ndi kafukufukuyo.

Kumene ndinaona kuti mndandandawo ndi wolekerera ndi ku nkhani ya kulankhula. Umafuna mawu atatu kapena kuposerapo pa miyezi 18, osawerengera "mama" ndi "dada", mawu awiri olumikizana pa miyezi 24, ndi mawu pafupifupi 50 pa miyezi 30. Akatswiri ena a za kalankhulidwe ka ana anadandaula pamene mindandanda yatsopanoyi inatuluka, ponena kuti mawu 50 akhala akuyembekezeka pa zaka ziwiri ndipo kuwasunthira kutsogolo kungachedwetse ana ena kupeza thandizo. Ine ndili kumbali yawo, ndipo kholo limene mtima wake sukukhazikika lisadikire kuti foni ilipatse chilolezo chodandaula.

Kwa ife vuto linaonekera pa miyezi 18 yomweyo. Mwanayo ankayenda, ankakwera pampando ndi kutsika yekha, ankatenga tsache n'kumatsanzira kusesa, ndipo zonsezi ndinazidina kuti inde. Koma mawu anali ndi amodzi okha, ndipo ndikamuuza kuti andipatse chinthu popanda ine kutambasula dzanja, ankangondiyang'ana. Amayi anga, omwe anali atabwera kudzatichezera, anati ana amasiyana ndipo anyamata amachedwa kulankhula, n'kuwonjezera kuti malume ake a mwanayo anayamba kulankhula atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zitatu koma lero palibe amene amawaposa pakamwa. Anzathu ena anati tikumusokoneza pomulankhula Chichewa kunyumba pamene kosungira ana akumva Chingelezi. Mawu a amayi anali achikondi ndipo ana amasiyanadi, koma pulogalamuyi inandipatsa chinthu chimene mawu otonthoza sangapereke, chomwe ndi tsamba lachidule loonetsa zimene mwana wachita ndi zimene sanayambe, lomwe munthu angathe kulionetsa kapena kulitumiza kwa dokotala. M'malo mokanena kuti ndikungoona ngati china chake sichili bwino, ndinakanena zinthu ziwiri zenizeni.

Dokotala anatiuza kuti zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana kulankhula, ndipo powerenga mawu a mwana wotere timaphatikiza a zilankhulo zonse, kotero kuti "madzi" ndi "ball" ndi mawu awiri. Atatero anatitumiza kokayezetsa makutu. Mwanayo anayezedwa makutu atangobadwa ndipo zonse zinali bwino, n'chifukwa chake sindinaganizireko za kumva, koma anapezeka kuti ali ndi madzi kuseri kwa nembanemba za m'makutu onse awiri, otsalira pa chimfine ndi matenda a m'khutu amene ankabwerabwera. Ankamva ndithu, koma ngati munthu amene watseka makutu ndi zala. Analandira chithandizo cha makutuwo, ndipo kudzera m'ndondomeko ya boma la Indiana yothandiza ana osakwana zaka zitatu, yotchedwa First Steps, katswiri wa kalankhulidwe ankabwera kunyumba kudzatiphunzitsa mmene tingamuthandizire posewera ndi pa nthawi ya chakudya. Pulogalamuyi sinapeze matendawo, ndipo eni ake amanena poyera kuti siilowa m'malo mwa kuyeza kumene madokotala amachita pa miyezi 9, 18 ndi 30, kapena kuyeza autism pa miyezi 18 ndi 24. Imene inachita ndi kutifikitsa pakhomo la dokotala miyezi ingapo tisanafike pamene tikanapita patokha.

Zofooka zake kwa munthu wa kwathu zilipo. Ili m'Chingelezi ndi m'Chisipanishi koma Chichewa mulibe, moti amayi anga, omwe ankakhala ndi mwanayo masana onse ndipo ankamudziwa kuposa ine pa miyezi imeneyo, ndinkachita kuwamasulira funso lililonse. Mafunso ena anamangidwa pa moyo wa m'nyumba za kuno. Pa zaka zitatu amafunsa ngati mwana amadya ndi foloko, pamene wanga amatema nsima, kuiumba m'dzanja ndi kusunsa mu ndiwo, luso la zala limene sindikukhulupirira kuti ndi lochepa poyerekeza ndi foloko. Pa miyezi 30 amafunsa za kutembenuza masamba a buku limodzilimodzi ndi kupotokola chogwirira cha chitseko, zinthu zimene mwana wa kumudzi sangazichite ngati sanazionepo, ngakhale kuti palibe chomuvuta. Vuto lomweli ndi limene linachititsa ofufuza motsogozedwa ndi dokotala wa ana Melissa Gladstone kukonza chida choyezera kakulidwe ka ana a ku Malawi chotchedwa MDAT, chomwe chinafalitsidwa mu 2010 atachiyesa pa ana a m'madera akumidzi. Chida chimenecho ndi cha ogwira ntchito zaumoyo ndi ofufuza, si cha kholo pafoni, koma chimatsimikiza kuti funso limene lili loyenera ku Atlanta limafunika kulisintha lisanafike ku Mangochi. Malangizo a kumene munthu angapite akaona vuto nawonso ndi a ku America okhaokha, choncho mchemwali wanga wa ku Zomba, yemwe ndinamuwerengera mafunso ena pa WhatsApp, anayenera kutengera nkhawa zake kwa alangizi a zaumoyo ndi ku sikelo.

Chinthu china chimene anachita bwino ndi kuganizira ana obadwa masiku asanakwane. Munthu akalemba kuti mwana anabadwa masabata angati nthawi isanafike, pulogalamuyi imachotsera masabatawo pa msinkhu wake, kuti asayerekezedwe ndi anzake amene anakhala m'mimba miyezi yonse. Imafunsanso ngati mwana wasiya kuchita chinthu chimene ankachita kale, monga mawu amene ankatchula kapena kuyang'ana anthu kumaso. Funso limeneli ndi lalifupi ndipo n'losavuta kulidumpha, koma pa mafunso onse ndi limene siliyenera kudikira tsiku la sikelo. Zikumbutso za masiku okaonana ndi dokotala sindinazigwiritse ntchito kwenikweni, ndipo malangizo a masewera ochita ndi mwana ndi abwino ngakhale kuti ambiri ndi omwe amayi anga ankachita kale popanda kuwerenga paliponse, monga kuimba, kutchula mayina a zinthu pomusambitsa ndi kuyankha mwana akamachita phokoso ngati kuti mukucheza.

Ndingailimbikitse kwa kholo lililonse lodziwa kuwerenga Chingelezi, makamaka la mwana woyamba kapena lokhala kutali ndi achibale, bola liitsegule mwana akafika msinkhu wa mndandanda wotsatira osati usiku uliwonse, chifukwa ine miyezi yoyambirira ndinkaitsegula kawirikawiri mpaka ndinayamba kumuyesa mwana m'malo mosewera naye. Pa mndandanda wa zaka zitatu tinadina inde pa zonse kupatula foloko, ndipo pa funso limenelo ndinalemba kadziwitso kakuti amadya nsima ndi manja, komwe dokotala anawerenga n'kundifunsa kuti nsimayo ndi chiyani.