May ndi must: chilolezo ndi lamulo m'Chingerezi

Pa fomu ya Chingerezi akalemba kuti "you may attach a photo", akukupatsani chilolezo: mukafuna ikani chithunzicho, mukapanda kufuna palibe mlandu. Koma "you must sign here" ndi lamulo, ndipo mukalumpha mzere umenewo fomu ikubwererani.

Chisokonezo chenicheni chili pokana. "You must not pay" ndiye kuti kulipira n'koletsedwa, pomwe "you don't have to pay" akungokuuzani kuti palibe akukukakamizani. Ana asukulu ambiri amaziyesa zofanana, poti must ndi have to zimayendera limodzi pamene palibe kukana. Ine ndimaona kuti aphunzitsi azichedwa pamenepa, m'malo momakalipira mwana wonena "can I go out?", chifukwa eni chiyankhulocho amapempha choncho tsiku lililonse, may amaisungira malo aulemu.

Nayo "may not" njoterera: pena imaletsa, pena imangonena kuti mwina chinthu sichichitika.

M'malamulo mumalamulira shall. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 adadzaza nayo, ndipo imakakamiza munthu ngati must, pomwe may imasiyira waudindo mpata wosankha.