Chikondwerero cha nyimbo kunyanja: nyenyezi zitatu basi

Ndi mtengo uja wa tikiti ya masiku atatu, munthu sungayembekezere kuuma pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinalipiriratu pafoni, uthenga wotsimikiza uli pompo, koma bambo wa pageti wovala jekete yachikasu anangosuzumira foniyo n'kuti, "Izi ife sitikuzidziwa, pitani patebulo." Patebulopo panali mtsikana mmodzi yekha ndi kope, akusaka mayina ndi chala chifukwa netiweki inali itathawa. Mzere unakafika mpaka poimika maminibasi. Kutentha kwa Okutobala kunyanja mukukudziwa. Mayi wina wobereka mwana anachita kukhala pamchenga, madzi akumwa osaoneka ndi pang'ono pomwe. Nthawi yonseyi a jekete yachikasu aja akulowetsa anzawo cham'mbali, ife maso ali tong'o. Bambo inu, ngati mukuwerenga izi, dziwani kuti nkhope yanu ndinaisunga.

Oimba anatifika pamtima, zokuzira mawu zinalibe vuto. Mowa pabala kudula ngati wachokera kunja.

Mtima unayamba kutsika Loweruka m'mawa. Achinyamata ovala matisheti a chikondwererochi ankazungulira m'matenti ndi mapepala a mafunso, ndipo poyamba ndinkati ndi zija zolemba n'kukatsekera m'kabati. Koma mtsikana amene anandipeza sanandifunse zoti ndasangalala kapena ayi. Anafuna kudziwa ola lomwe ndinafika, momwe ndinalipirira, ndiponso ngati usiku ndinayenda ndekha kupita kuchimbudzi. Mnzake anali pageti ndi wotchi, akulemba nthawi imene munthu mmodzi akutenga kuti alowe. Pofika madzulo anali atatsegula geti lachiwiri la olipira pafoni, mayina atasindikizidwa papepala, ndipo pamzere panali migolo ya madzi. Pamenepa ndiwayamikire.

Komabe zimenezi sizinafunikire kafukufuku. Okonza chikondwererochi apite akaone chikondwerero cha Tumaini kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, m'boma la Dowa, komwe kulowa n'kwaulere kuyambira 2014 ndipo alendo ena amagona m'nyumba za anthu a mumsasamo. Kulandira munthu akukudziwa kumeneko.

Zimbudzi za amayi ndiye sizinasinthe mpaka Lamulungu: zochepa, zakutali, njira yake yopanda getsi. Amayi amene mukufuna kupita chaka chamawa, nyamulani tochi ndi tishu yanu.