Akochi a njinga ku Zomba amene amatiletsa kuthamanga

Kuno ku Zomba kuli bambo wina wachikulire amene amaphunzitsa anthu kupalasa njinga mitunda italiitali, ndipo makasitomala angapo obwera ku kashopu kanga kokonzera mafoni ku Chinamwali akhala akundifunsa ngati ndalama imene timawapatsa pamwezi imapindula. Ndimawayankha kuti imapindula, koma osati kwa aliyense. Dzina lawo sinditchula. Amene mumalawira Loweruka munawaonapo, gulu lathu likamatuluka m'tauni kulowera ku Domasi iwo amakhala kumbuyo kwenikweni, atavala chisoti chozilala ndi dzuwa.

Ine ndili mnyamata ndinkapalasa kabaza, kunyamula anthu ndi matumba a chimanga pakati pa Chinamwali ndi Matawale, ndiye miyendo ndinali nayo kale. Akochi amawalemekeza kwambiri anyamata a kabaza, koma amawauza mosabisa kuti mphamvu yawo ndi ya mtundu umodzi: kukankha njinga yolemera mtunda waufupi, kenako n'kukaima pa siteji kudikira wina. Ulendo wopita ku Liwonde n'kubwerako, womwe ndi makilomita pafupifupi 100, umafuna thupi lophunzitsidwa mwanjira ina, makamaka chifukwa popita umatsikira ku Shire mosavuta, koma pobwerera chitunda cha ku Machinga chimakupeza utatopa kale.

Chiphunzitso chawo chachikulu n'chakuti pa maulendo asanu alionse, anayi akhale ofatsa. Ofatsa zenizeni, oti kabaza wonyamula mayi ndi dengu lake n'kukupitirira iwe osatekeseka. Alibe makina oyezera kugunda kwa mtima okwanira tonsefe, ndiye amayeza ndi kamwa. Umangomva tcheni chawo chikulira pambali pako, kenako funso: "Achimwene, chimanga chakhala bwanji kumudzi chaka chino?" Ukayankha bwinobwino, n'kufotokoza za mvula ndi za feteleza osadukiza, amagwedeza mutu n'kupita kwa wina. Ukayankha mawu awiri n'kupuma, awiri ena n'kupuma, salankhula kanthu. Amangotambasula dzanja lamanja n'kulitsitsa pansi pang'onopang'ono, ndipo iwe umadziwa kuti ubwerere pa giya yopepuka. Ndaonapo mnyamata wa ku yunivesite, wa njinga yodula kuposa tonse, akutsitsidwa chonchi ulendo wonse mpaka ku Malosa nkhope ili ndwii.

Zimenezi sanangozilota. Amatchula katswiri wina wa sayansi ya masewero, Stephen Seiler, wa ku University of Agder ku Norway, amene atafufuza mmene akatswiri othamanga, opalasa mabwato ndi opalasa njinga amakonzekerera, anapeza kuti pafupifupi 80 peresenti ya nthawi zomwe amachita masewero olimbitsa thupi amachita mofatsa, ndipo zotsalazo ndi zomwe amadzipweteka nazo. Chifukwa chake akochi amachifotokoza momveka. Ukamapalasa mofatsa maola ambiri, timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timachuluka m'minofu, mtima umazolowera kupopa magazi ochuluka pa kugunda kumodzi, ndipo thupi limaphunzira kugwiritsa ntchito mafuta ake m'malo mothamangira shuga amene linasunga m'minofu ndi m'chiwindi. Shuga ameneyo ndi wochepa. Ukamapalasa mwamphamvu amatha pasanathe maola awiri, ndipo akatha miyendo imangoti zii, mutu waa, ngakhale ukhale wolimba bwanji. Iwo amati nyemba sizipsa ndi moto wa mapesi, zimafuna chikuni chonyeka pang'onopang'ono.

Chimene amadana nacho kwambiri ndi liwiro lapakati, lija timalikonda tikakhala pagulu, loti sukucheza komanso sukuthamanga kwenikweni. Amati limatopetsa mokwanira kukuwonongera tsiku lotsatira, koma silifika poti n'kukuwonjezera mphamvu. Pamenepa ine ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse, chifukwa ndaona anzathu amene amapalasa okha mwanjira imeneyi chaka chonse ali pomwepo.

Ulendo wachisanu uja ndi wa Lachiwiri, ndipo umachitikira pa msewu wokwera phiri la Zomba kupita ku hotela ya Ku Chawe. Kuchoka m'tauni kukafika ku hotela ija munthu amakwera mamita opitirira 500, ndiye malo ophunzirira tili nawo pakhomo, aulere. Sitikwera phiri lonse kamodzi. Timayamba tatenthetsa thupi m'munsi kwa mphindi 20, kenako timapalasa mwamphamvu mphindi 8, kupumira mphindi 2 uku tikupalasabe pang'ono, mpaka zikwane kanayi. Lamulo lake n'lakuti kachinayi kafanane ndi koyamba. Ukayamba ndi phuma n'kufooka kumapeto, amati wawononga tsikulo. Apa sipakhalanso zofunsana za chimanga. Amaima pakona ndi wotchi m'manja, ukamadutsa amangoti "mphindi ziwiri zatsala, gwirani pomwepo," ndipo mphindi ziwirizo pachifuwa pamatentha, thukuta likulowa m'maso ngakhale ndi mu Julayi nkhungu itakuta mitengo ya paini.

Potsika ndi pomwe amakhala aukali. Msewuwo uli ndi makona obisika, ndipo m'mawa umakumana ndi abambo otsika ndi nkhuni zosanjikizana kupitirira mutu, njinga akuigwira ndi thupi lonse. Salola kupikisana potsika, ndipo wobwera wopanda chisoti kapena mabuleki ake akulira amamubweza kunyumba, ngakhale atalipira kale. Pa ichi chokha ndikanawalipirabe.

Tina n'tating'ono koma timasintha zinthu msanga. Tsiku loyamba amakukonzera chishalo: umaponda pedulo ndi chidendene, pedulo ili pansi penipeni, ndipo mwendo uyenera kuwongoka ndendende popanda kupendeka m'chiuno. Ambirife tinazolowera chishalo chotsika, n'chifukwa chake mawondo amatiwawa. Amatiwerengetsanso kuti bondo lamanja likukwera kangati pa masekondi 15, n'kuchulukitsa kanayi. Pamsewu wosalala amafuna 80 mpaka 90 pa mphindi. Kwa munthu wochokera ku kabaza, kupalasa mopepuka chonchi kumaoneka ngati kusewera, koma ukafika pa Machinga miyendo imakhala idakali ndi kanthu.

Aliyense amakhala ndi kope, kope wamba la kusukulu. M'mawa usanadzuke pamphasa kapena pabedi, umagwira pamkono n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi, n'kulemba. Umalembanso maola amene wagona, mtunda umene wayenda, ndi mmene thupi likumvekera. Loweruka tikabwerako amakhala pansi pa mtengo n'kumawerenga makopewo limodzilimodzi, cholembera chofiira chili kukhutu. Akaona kuti mtima wakhala ukugunda mokwera masiku otsatizana kuposa mmene umakhalira, amalemba mawu amodzi okha, "pumani," ndipo zimathera pomwepo. Ukanena kuti thupi likutentha kapena m'mfundo mukuphwanya, amakuuza kuti ukayezetse malungo kaye, njinga uione pambuyo. Masabata atatu mtunda umawonjezeka pang'onopang'ono, sabata yachinayi amaudula pafupifupi ndi theka. Amati masewero amangogwetsa thupi, kumangika kwake kumachitika ukamagona ndi kudya. Anyamata ambiri sabata yachinayiyi ndi imene imawavuta kuposa phiri, ndipo ena amazemba n'kukapalasa okha. Kope limawaulula.

Pa zakudya ndimawayamikira chifukwa satitumiza kukagula zinthu za m'mapaketi zochokera kunja. Ulendo ukapitirira ola limodzi ndi theka, thupi limafuna magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola, ndipo nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25 a zakudya zimenezi. Ndiye amati nthochi ziwiri pa ola, kapena mbatata yophika, kapena chitumbuwa, ndipo uyambe kudya njala isanakupeze. M'botolo limodzi madzi okha, m'linalo madzi othira shuga ndi kamchere pang'ono. Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la ku Liwonde likafika poipa, timanyamuka kusanache n'cholinga choti tikhale titakwera kale Machinga lisanatenthe.

Zodandaula zilipo, ndipo ndizinena chifukwa ndimawafunira zabwino. Choyamba, gulu lakula koma akadali okha. Loweruka oyamba kumene ndi akale amanyamukira pamodzi, ndiye liwiro lomwe kwa wina ndi locheza, kwa wina ndi la wefuwefu, ndipo dzanja lawo lija silingafike kwa aliyense. Izi zikusemphana ndi chiphunzitso chawo chomwe. Akanagawa magulu awiri n'kupatsa mmodzi wa akale udindo woyang'anira. Chachiwiri, pa WhatsApp amachedwa kuyankha. Ukafunsa Lachitatu kuti bondo likupweteka nditani, yankho ungalimve Loweruka pamaso. Munthu amene akulipira pamwezi sayenera kudikira chonchi pa nkhani ya ululu.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi msewu wa M3, wopita ku Liwondewo. Maminibasi ndi mathiraki amadutsa pafupi kwambiri, ndipo tilibe galimoto kapena njinga yamoto yotitsatira kumbuyo. Amatiyendetsa mumzere umodzi ndipo amalimbikira za zovala zowala, koma ponyamuka kuli mdima si onse ali ndi nyali. Nthawi yonyamukirayi ndi imenenso ikuchititsa kuti amayi akhale ochepa m'gululi. Mayi wochokera ku Sadzi kapena ku Chikanda sangadutse yekha mumdima kukafika pokumanira, ndipo pa izi akochi sanachitepo kanthu kooneka.

Ndalama yawo pamwezi imafanana ndi mtengo wa tayala limodzi labwino. Si yochepa kwa ife, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe matcheni, machubu ndi zingwe za magiya zinakwera mtengo. Koma sakukakamiza kugula njinga yatsopano. Yanga ndi yakale ya magiya, yogula kwa ogulitsa zakunja, ndipo sananenepo kanthu kupatula kundiuza kuti tcheni ndizichipukuta ndikabwera m'fumbi. Ana asukulu angapo amawaphunzitsa osawalipiritsa. Amakonda kuwaonetsa pafoni Biniam Girmay wa ku Eritrea, amene mu 2024 anapambana jezi yobiriwira, yopatsidwa kwa wopeza mapointi ambiri, pa mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France, ndi mpikisano wa njinga wa dziko lonse lapansi umene unachitikira ku Kigali mu Seputembala 2025, koyamba mu Africa muno. Amawauza kuti mapiri a ku Rwanda sasiyana kwenikweni ndi lomwe akuliona akatuluka m'kalasi, koma salonjeza mwana aliyense kuti adzafika kumeneko, ndipo ine ndimakonda kuti sanamiza ana.

Ngati mukufuna gulu lothamangitsana Loweruka lililonse n'kumajambulana, kuno mudzakhumudwa ndipo ndalama yanu idzapita pachabe. Ngati mukufuna kudzafika ku Liwonde n'kubwerako, mawa lake n'kutsegula shopu kapena kulowa m'kalasi muli bwinobwino, pitani. Tengani chisoti, mabotolo awiri, chubu chapadera, pampu ndi kope latsopano. Mwezi woyamba sadzakulolani kukwera ku Ku Chawe. Oyamba kumene amawayambitsira pa msewu wa ku Jali, kumene kulibe zitunda zambiri, ndipo ngati muli ndi vuto la mtima kapena la kuthamanga kwa magazi adzakuuzani kuti mukaonane kaye ndi adokotala.