Bot ya maoda a anapiye pa serverless, miyezi 8 itatha

Mlamu wanga anaimba Loweruka kufunsa ngati nayenso apange bot ya WhatsApp, pulogalamu yoyankha yokha mauthenga a makasitomala, ya shopu yake ya ku Mzuzu. Ndinawayankha mwachidule chifukwa bilu ya bot yathu inali itangofika kumene ndipo mtima unali m'mwamba. Lero watsikako, ndiye ndifotokoze bwinobwino.

Bot yathu imalandira maoda a anapiye ndi chakudya cha nkhuku. Ndinasankha serverless chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi: sindikanatha kudalira kompyuta ya kunyumba kuti iziyaka usiku wonse. Pa serverless, pulogalamu imakhala pa makina a kampani ina ya kunja, imagona mpaka uthenga ufike, ndipo amakulipiritsa potengera maulendo amene yadzuka ndi nthawi imene yagwira ntchito. Mitengo imayankha molondola. Nambala za Airtel Money ndi Mpamba imatumiza popanda vuto. Magetsi akathima kuno, iyo imangogwirabe ntchito, ndipo apa pokha ndilibe dandaulo.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi kuchedwa kwake kudzuka ikagona, komwe amakutcha cold start. Alimi athu amalemba m'mamawa, tambala atangolira, bot itagona usiku wonse. Uthenga woyamba ukafika, iyenera kudzuka, kulumikizana ndi database, nkhokwe yosungiramo maoda, kenako kulemba oda. Masiku ena nthawi imene kampani imalola inkatha oda italembedwa kale koma bot isanabweze 200, chizindikiro choti yalandira. WhatsApp ikapanda kuona 200 imatumizanso uthenga womwewo, ndipo ndi mmene iyenera kuchitira. Bot inkaulemba ngati oda yatsopano.

Ndinazindikira tsiku limene mayi wina wa ku Mitundu anabwera kudzatenga anapiye 50, ife titawasungira 100. Anapiye a tsiku limodzi sungawaike pa shelefu kudikira wogula. Tinawasamala tokha ndi mbaula usiku uja, ena anafa, otsalawo tinagulitsa motchipa. Zinandipweteka kwambiri, makamaka poti anyamata a pa shopu ndinkawakalipira ndikuganiza kuti ndi iwo akulakwitsa mawerengero. Ndinawapepesa.

Maoda obwereza ndinawathetsa posunga ID, nambala yapadera ya uthenga uliwonse, kuti womwe wafika kale usalembedwenso. Kuchedwa kwa m'mamawa kukadalipo. Kampani ili ndi njira yoti bot isamagone, koma umalipira ngakhale pasafike uthenga ndi umodzi womwe, kutanthauza kuti ubwino wolipira pokhapokha ikagwira ntchito watha. Ndinayesa kumaigogoda ndekha mphindi 5 zilizonse kuti isagone. Kugogoda kulikonse kumawerengedwa. Malipoti oti uthenga wapita, wafika, wawerengedwa, nawonso amaidzutsa, ndipo izi ndinazidziwa mochedwa. Zonsezi zitaphatikizana ndi nyengo yomwe maoda amachuluka, gawo laulere lomwe kampani imapereka mwezi uliwonse linatha mwezi usanathe.

Kwa wina wa ku London bilu imeneyi ndi ndalama ya tiyi. Kuno imabwera m'madola, ndipo chichokereni Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola iliyonse timaiwerenga kawiri. Khadi langa linakanidwa maulendo awiri, mpaka msuweni wanga wa ku Johannesburg ndi amene analipira, ine n'kumubwezera. Nditalembera kampaniyo kupempha masiku ochepa asanatseke akaunti, anandiyankha ndi uthenga wa makina. Munthu weniweni analemba patadutsa masiku anayi, n'kundiuza kuti thandizo lachangu ndi la omwe ali pa pulani yolipira thandizolo.

Loweruka ndinali wokonzeka kuchoka pa serverless. Nditakhala pansi n'kuwerengera mtengo wa seva, kompyuta ya lendi yoyaka usana ndi usiku, yomwenso ndi ya madola, ndaona kuti ndikhala, koma kugogoda kuja ndakusiyira maola a m'mawa okha.

Alamu, pangani, koma musayambe musanapeze munthu wodalirika wolipira m'madola, ndipo ID ya uthenga muisunge kuyambira tsiku loyamba. Muikenso malire a ndalama pa akaunti kuti azikuchenjezani bilu isanakule.