EasyChair ndaiona bwanji pounika mapepala a ma student a computer science

Mwezi wathawu a supavaiza anga anandiika mu komiti younika mapepala a ophunzira pa kamsonkhano kena ka computer science, ndiye kanali koyamba kulowa pa EasyChair ngati wounika osati wotumiza pepala. Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti chimayenda bwanji chinthuchi, ndati bola ndingolemba kamodzi.

Kwa amene simukuidziwa, ndi webusaiti yomwe misonkhano ya kafukufuku imalandirirapo mapepala nkuwagawa kwa anthu oti awawerenge. Anaiyambitsa Andrei Voronkov mu 2002, pulofesa wa ku University of Manchester yemweyo amene anapanga Vampire, pulogalamu yotsimikizira ma theorem a masamu. Maonekedwe ake ndi zilembo ndi matebulo basi, palibe zithunzi zolemera, ndipo ine izi zinandisangalatsa heavy chifukwa ndimagwiritsa hotspot ya pafoni, peji imatseguka ngakhale netiweki ikukoka, bandulo osatha.

Poyamba mumapanga bidding, kusankha yes, maybe kapena no pa pepala lililonse, komanso pali poti munene kuti muli ndi conflict. Pamenepa ndinadinapo kamodzi, chifukwa ngakhale mayina anabisidwa mutu wa pepala lina ndinauzindikira, linali la mnyamata amene ndinkamuthandiza Python chaka chatha, ndiye sizikanakhala bwino kuti ndimuweruze ineyo.

Anandipatsa mapepala atatu. Limene linandidyera nthawi linali la kuzindikira matenda a masamba a chimanga pogwiritsa ntchito CNN, mtundu wa modelo ya pakompyuta yomwe imaphunzira kuzindikira zithunzi. Accuracy yake, kutanthauza kuchuluka kwa zithunzi zomwe modelo yazindikira molondola, inali pamwamba zedi mpaka ndinayamba kukayikira, nditawerenga bwinobwino gawo la data ndinapeza kuti anayamba kutembenuza ndi kuchulukitsa zithunzi kenako nkumagawa za training (zophunzitsira modelo) ndi za test (zoiyesera), kutanthauza kuti tsamba lomwelo likupezeka mbali zonse ziwiri, modelo ikungokumbukira zomwe inaona kale. Komanso zithunzi zonse anatenga ku PlantVillage, dataset ya zithunzi zoposa 50,000 zomwe zinajambulidwa mwaukhondo, tsamba lililonse palokha. Kumunda kwa agogo sikuli choncho, kuli dzuwa, fumbi, udzu, masamba opiringizana, foni yake kamera yotopa.

Apa ndi pomwe fomu ya EasyChair inandithandiza kuganiza. Malikisi amayambira -3 kufika pa +3, kenako mumanena kuti nkhaniyo mukuidziwa motani kuyambira 1 mpaka 5. Ndinapereka -1, confidence 4, koma bokosi lolembamo ndemanga ndinalidzaza ndithu, kumufotokozera mwanayo kuti agawe data kaye asanachulukitse zithunzi, ajambuleko zake zakumunda ngakhale zochepa, aonetsenso confusion matrix (tebulo loonetsa matenda amene modelo ikuwasokoneza) osati accuracy yokha. Ndinayamba ndi zomwe wachita bwino chifukwa Chingerezi chake chinali chomveka ndipo vuto limene wasankha ndi lenileni kwa alimi athu. Palinso kabokosi kena ka ndemanga zachinsinsi zopita kwa komiti yokha, mmenemo ndinalemba kuti ngati pali malo a poster (kuonetsa kafukufuku pa chipepala chachikulu chopachika) amupatse, asamubweze chimanjamanja.

Chinanso chabwino, momwe anakonzera a komiti yathu, sumaona zomwe anzako alemba mpaka utumize zako. Nditatumiza ndinaona kuti wounika wina wa pepala lomweli analemba mizere iwiri yokha nkupereka reject, zinandiwawa kwambiri chifukwa wophunzira wagona mochedwa miyezi ingapo, angaphunzirepo chani pa mizere iwiri? Izi webusaiti singakonze, ndi udindo wa ma chair, otsogolera komiti, kuwakumbutsa anthu. Tinakambirana pompo pansi pa pepalalo ndipo mkuluyo anabwerera nkuwonjezera zifukwa zake.

Langizo langa, ndemanga muzilemba kaye pa laputopu mu Notepad kenako nkukopera, ine magetsi anandizimira ndili pakati koma sindinataye kanthu. Kwa madipatimenti amene mpaka pano akulandira mapepala a ma student pa imelo ndi pa WhatsApp nkumasokoneza ma version, yesani EasyChair, kungoti muone kaye malire a laisensi yaulere musanalengeze msonkhano. Pepala la chimanga lija analilandira ngati poster.