MVC kapena Razor Pages mu ASP.NET Core?

ASP.NET Core ndi chida cha Microsoft chomangira mawebusaiti, ndipo MVC ndi Razor Pages ndi njira ziwiri zomangira m'menemo. MVC (Model-View-Controller) imagawa ntchito patatu. Pempho la wotsegula tsamba likafika limalandiridwa ndi controller (khodi yowongolera mapempho), iyo imatenga deta ku model (gawo losamalira deta) n'kuipereka ku view (gawo loonetsa tsamba). Vuto lake n'lakuti fomu imodzi yokha, tinene yolembetsa ophunzira, imamwazikana m'mafoda atatu, ndipo controller ikakula mumatha nthawi mukusakasaka pamene pali cholakwika. Koma ngati mukumanganso API (njira yoti mapulogalamu ena azipempherapo deta) yoti pulogalamu ya pafoni izigwiritsa ntchito, ma controller ndiwo oyenera.

Razor Pages inabwera mu 2017 limodzi ndi ASP.NET Core 2.0, ndipo ine pa ntchito ya mafomu ndimasankha iyi. Tsamba lililonse lili ndi mafayilo awiri oyandikana, monga Lembetsa.cshtml (ya maonekedwe a tsamba) ndi Lembetsa.cshtml.cs (ya khodi yake). Munthu akatsegula tsambalo, gawo la khodiyo lotchedwa OnGet limayankha. Akadina batani lotumiza, OnPost imalandira. Adiresi imachokera pa dzina la fayilo mu foda ya Pages, ndiye wophunzira watsopano sasochera. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti imadzifufuzira yokha chizindikiro choteteza fomu ku CSRF (chinyengo chomwe webusaiti ina imatumiza fomu m'dzina la munthu iye osadziwa), pomwe mu MVC muyenera kukumbukira kuika ValidateAntiForgeryToken.

Zonse ziwiri zimatha kukhala mu pulojekiti imodzi: masamba ku Razor Pages, API ku ma controller.